Kusanthula miyezo ya mvula mkati mwa PostgreSQL: yambani ndi kalendala

Deta yobwera motsatizana ndi nthawi, kaya ndi miyezo ya mvula, mayunitsi a magetsi kapena malonda a tsiku ndi tsiku, ambiri amaitulutsa mu database n'kuthamangira nayo ku Excel kapena Python. Komatu ntchito yambiri ingathe kuchitikira momwemo mu PostgreSQL, pulogalamu ya database yomwe imasunga detayo. Masamu ake si ovuta. Chimene chimawononga zotsatira ndi masiku osowa komanso maola osokonekera, ndiye kalendala ilongosoledwe musanawerengere chilichonse.

Tiyerekeze kuti pali masiteshoni 50 oyeza mvula, ndipo iliyonse imatumiza muyezo pa mphindi 10 zilizonse. Imeneyo ndi miyezo 144 patsiku pa siteshoni imodzi, 7,200 pa onse pamodzi, mizere 2,628,000 pachaka. Tebulo lake likhale lotere:

CREATE TABLE miyezo (siteshoni int, nthawi timestamptz, mm numeric(6,1), PRIMARY KEY (siteshoni, nthawi));

PRIMARY KEY imeneyo musaisiye. Chipangizo chikataya netiweki n'kubwereranso, nthawi zambiri chimatumizanso zomwe chinatumiza kale, ndipo mvula ya ola limodzi imawerengedwa kawiri. Polowetsa deta onjezerani ON CONFLICT DO NOTHING, zobwerezazo zizigwera kunja.

Kolamu ya nthawi ikhale timestamptz, osati timestamp chabe. Mtundu wa timestamptz umasunga nthawi mu UTC (nthawi yomwe dziko lonse limayenderapo), ndipo Malawi ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri. Mvula yogwa 1 koloko usiku pa 5 January kwathu kuno, kwa seva yoyendera UTC ndi mvula ya pa 4 January. Mukalemba date_trunc('day', nthawi) pa seva yotero, tsiku lanu lizisintha 2 koloko usiku, ndipo palibe uthenga uliwonse wokuchenjezani. Kuyambira PostgreSQL 12 mungathe kutchula dera: date_trunc('day', nthawi, 'Africa/Blantyre'). Ngati tsiku la mvula kwanuko limawerengedwa kuyambira 8 koloko m'mawa kufika 8 koloko mawa lake, date_bin, yomwe inabwera mu PostgreSQL 14, ndiyo imathandiza: date_bin('1 day', nthawi, '2020-01-01 08:00+02').

Tsopano za masiku osowa, pomwe pagona nkhani. Siteshoni ikathima batire kwa masiku atatu, GROUP BY sipereka mizere ya masiku amenewo, imangowadumpha. Muyenera kupanga kalendala yathunthu ndi generate_series, muiphatikize ndi mndandanda wa masiteshoni kudzera pa CROSS JOIN, kenaka mulumikize miyezo ndi LEFT JOIN. Tsiku lopanda muyezo lituluka ndi NULL, ndipo lisiyeni choncho. Dzanja limayabwa kufuna kulemba coalesce(mm, 0) kuti graph ioneke bwino, koma 0 amatanthauza kuti siteshoni inayeza ndipo sikunagwe kanthu, pomwe NULL ikutanthauza kuti sitikudziwa. Mukazisakaniza, siteshoni yomwe inafa pakati pa February ioneka ngati dera lake kunali ng'amba. avg() imadumpha NULL yokha, koma 0 imamuwerengera n'kutsitsa avereji.

Palinso tsiku lomwe lilipo koma ndi loperewera: m'malo mwa miyezo 144 yabwera 40. Sungani count(*) pambali pa sum(mm), ndipo musankhe malire. Ine ndingati tsiku losafika miyezo 130 likhale NULL, ena angakhwimitse kuposa apo. Chachikulu n'chakuti malirewo alembedwe malo amodzi mu SQL, asakhale m'mutu mwa munthu.

Kalendala ikakhala bwino, avereji ya masiku 7 apitawa ndi mzere umodzi:

avg(mm) OVER (PARTITION BY siteshoni ORDER BY tsiku ROWS BETWEEN 6 PRECEDING AND CURRENT ROW)

Onetsetsani mawu akuti ROWS. Amawerenga mizere, osati masiku. Pa tebulo lokhala ndi mipata, mizere 7 ingathe kufalikira pa masiku 10 kapena 20, ndiye chomwe mukuchitcha avereji ya sabata sichikhalanso cha sabata. Kuyambira PostgreSQL 11 mungalembe RANGE BETWEEN INTERVAL '6 days' PRECEDING AND CURRENT ROW, yomwe imayang'ana tsiku lenilenilo. PARTITION BY nayo mukaiiwala, masiteshoni onse asakanikirana mu avereji imodzi.

Poyerekeza ndi chaka chatha, lag(mm, 365), yomwe imatenga muyezo wa mizere 365 m'mbuyo, imakopa chifukwa ndi yaifupi, koma chaka ngati 2024 chili ndi masiku 366, ndiye kuchokera pa 29 February zonse zimasendera ndi tsiku limodzi. Ndi bwino kulumikiza tebulo ndi lokha pa tsiku - interval '1 year'. Komanso mvula yathu imayamba cha m'November n'kutha cha m'April, kudutsa malire a chaka, choncho kuwonkhetsa ndi extract(year) kumadula nyengo imodzi pakati. Chotsani miyezi 6 pa tsikulo musanatenge chaka, kuti nyengo iziyambira pa 1 July, December ndi January akhale gulu limodzi.

Pa zinthu zomwe sizisintha mwadzidzidzi, monga mulingo wa madzi m'damu, kudzaza mpata ndi muyezo womaliza kumamveka. Pa mvula ayi. PostgreSQL 16 ilibe IGNORE NULLS (mawu olamula kudumpha ma NULL), ndiye njira yodzazira mpatawo ndi iyi: count(mulingo) OVER (ORDER BY tsiku) imakwera pokhapokha pali muyezo, choncho muyezo uliwonse pamodzi ndi ma NULL otsatira amakhala ndi nambala imodzi. Gwiritsani nambalayo ngati PARTITION BY, mutenge first_value.

Kuti muone ngati zinthu zikukwera kapena kutsika, regr_slope (kupendekeka kwa mzere) ndi corr (mgwirizano wa miyezo iwiri) zilimo kale. Kumbukirani kuti lag() singalowe mkati mwa corr() mwachindunji: iwerengereni kaye mu subquery, corr ibwere kunja.

Za liwiro, mizere mamiliyoni awiri kapena atatu si katundu kwa PostgreSQL. Ikachuluka, ikani BRIN index pa nthawi. Imangosunga nthawi yoyamba ndi yomaliza pa masamba 128 alionse, pafupifupi 1 MB ya tebulo, n'chifukwa chake imakhala yaing'ono zedi poyerekeza ndi B-tree, index ya nthawi zonse. Koma imadalira kuti deta inalowa motsatira nthawi. Mukathira deta ya zaka zisanu zapitazo mosakaniza, index ija imatha mphamvu ndipo query imawerenga pafupifupi tebulo lonse. Kugawa tebulo ndi PARTITION BY RANGE, gawo limodzi pa mwezi kapena pa chaka, kwakhala kotheka kuyambira PostgreSQL 10, ndipo phindu lake lalikulu limaonekera pochotsa zakale: DROP TABLE pa gawo limodzi imatha nthawi yomweyo, pomwe DELETE imasiya mizere yakufa yodikira VACUUM kuti aiyeretse. Gawo la mwezi wamawa lipangidwe mwezi usanafike, apo ayi INSERT ikana pakati pa usiku pa 1. TimescaleDB, chowonjezera cha PostgreSQL, imapanga magawowa yokha, ngati seva yanu ikulola kuiikapo.

Njira zolosera zam'tsogolo monga ARIMA zilipo mu Apache MADlib, laibulale yoikidwa mu database, koma kunena zoona, pofika pamenepo n'kosavuta kupereka tebulo la masiku loyeretsedwa kale kwa R kapena Python. Zaka 10 za siteshoni imodzi ndi mizere pafupifupi 3,650 basi.

Zowerengera za tsiku ndi tsiku zisungeni mu MATERIALIZED VIEW (zotsatira za query zosungidwa ngati tebulo), ndipo pg_cron, chowonjezera choyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, aziikonzanso usiku uliwonse. REFRESH MATERIALIZED VIEW CONCURRENTLY imalola anthu kupitiriza kuwerenga pamene ikukonzedwa, koma imafuna UNIQUE index, pano pa siteshoni ndi tsiku. Vuto lake n'lakuti imawerengeranso mbiri yonse ulendo uliwonse. Ikayamba kuchedwa, sinthani: pangani tebulo wamba, muzilembamo ndi ON CONFLICT DO UPDATE. Pamenepo musamawerengere dzulo lokha. Siteshoni yakumudzi ingakhale sabata yathunthu opanda netiweki n'kudzatumiza zonse tsiku limodzi, ndiye usiku uliwonse muzibwereza masiku 14 apitawa, kapena kuposerapo ngati masiteshoni anu amachedwa kuposa pamenepo.