Dedza wapansi: chiperoni ndi kachewere wa agogo

Ambirife Dedza timamudziwira pa windo la basi. Ikaima, anyamata amathamangira ndi mabeseni a kachewere, tomato ndi kabichi, timagula, ulendo n'kupitirira wa ku Blantyre. Tauni yeniyeniyo ili chapambali pang'ono ndi msewu wa M1, m'tsinde mwa phiri, ndipo okhotera kumeneko ndi ochepa. Ine ndi bambo akunyumba tinapangana kuti ana tiwasiye kwa alamu anga, Loweruka ndi Lamulungu tikathere ku Dedza, ndipo tikakafika, kabaza ayi, takisi ayi, mapazi okhaokha.

Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita 85 okha, koma nthawi yodikira kuti minibasi idzaze inaposa ya pamsewu. Za kukhala anayianayi pampando sindinena, mukuzidziwa.

Chotilonjera chinali mphepo. Munali mu Julayi, ndipo Dedza ndiye tauni yokwera kwambiri m'Malawi muno, pafupifupi mamita 1,600. Ku resitihausi komwe tinagona, dzina ndisunga, anatipatsa bulangete limodzi lopyapyala, ndipo madzi osamba anafika m'ndowa atapola kale. Mukapita, nkhani ya bulangete lachiwiri muikambe musanapereke ndalama. Mukalipira, mnyamata wa makiyi saonekanso.

Loweruka tinayenda mwachifatse kutsata msewu waukulu wa m'tauni, womwe ndi wautali ndithu: mumsika, maofesi a boma, mitengo italiitali, mpaka ku Dedza Pottery. Malowa anayamba mu 1987, ndipo munthu umatha kuona amisiri akuumba makapu ndi mbale, ena akujambula maluwa ndi nyama ndi kaburashi kakang'ono, dzanja osanjenjemera. Tinamwa khofi ndi keke yawo ya tchizi yotchuka ija. Pobwerera tinaima pa chiwaya, chipisi cha K2,000 aliyense, chotentha, cha kachewere wokumbidwa konkuno. Chovuta chinali a kabaza. Mapazi khumi alionse: "Tiyeni madala! Masteni atopa awo, akwezeni!" Tikati tikungoyenda, ankatiyang'ana momvetsa chisoni.

Lamulungu m'mawa tinayamba kukwera phiri, kutsata msewu wopita ku nsanja za mafoni pamwamba. Phirili limafika pafupifupi mamita 2,200, ndipo kale linkadziwika ndi nkhalango ya paini. Mitengo ilipo, koma zitsa n'zambiri, malo ena n'kuda kwa moto wolusa. Tisanafike ndi pakati pomwe, chiperoni chinatsika. Tauni yonse inazimirira, kenaka mvula yowaza yozizira mpaka m'mafupa. Tinatsika ndi kanjira ka otola nkhuni, n'kutulukira kuseri kwa nyumba zina, majuzi ali chonyowa.

"Inu ana inu, mukuferanji pamphepo? Talowani kuno!"

Anali agogo ena, atasuzumira pakhomo la khitchini yofolera ndi udzu, mpango kumutu, jekete lachimuna pamwamba pa chitenje. Bambo anawapatsa kampando, ine mkeka pafupi ndi mafuwa. Utsi unali tho, misozi kutuluka, koma palibe anadandaula. Pamoto panali mphika wa kachewere wophika ndi makoko omwe. Anaphula, n'kukhuthulira m'lichero, pambali kambale ka mchere wosinja ndi kambuzi. Umasenda ndi zala uku ukupemerera, kachewereyo n'kuphulika yekha, waufa mkati. Tiyi anali wopanda mkaka, ndipo anapepesa kawiri konse ngati kuti tinaitanitsa.

Titamva kutentha, mafunso anayamba.

"Galimoto yafera pati?"

"Sitinabwere pa galimoto, agogo. Tikungoyenda."

"Kuyenda kupita kuti? Kuli zovuta?"

"Ayi, kulibe maliro. Kungowongola miyendo, kuona malo."

Anakhala chete. Anayang'ana nsapato za bambo zodzaza matope, n'kuyang'ana ine. Bambo atatuluka kukaona ngati kunja kwayera, agogo anasendera pafupi, namasula mfundo ya pa chitenje, n'kutulutsa K1,000 yopindapinda.

"Mwana wanga, ngati ndalama zawathera bambowa, usachite manyazi. Amuna sanena. Tenga, mukwere njinga mpaka kudepoti."

Ndinafuna kuseka, koma kukhosi kunandigwira. Ndinapinda zala zawo pa ndalamayo ndi manja anga onse awiri, n'kulumbira kuti ya thiransipoti ilipo. Sanakhulupirire kwenikweni. Kwa iwo, munthu amene wayenda wapansi moyo wake wonse, kumunda, kuchigayo, kuchipatala, mwana kumsana, zoti wina angasiye minibasi dala n'kumanyowa m'phiri n'zopanda mutu. Ndipo sindingawatsutse. Ife a m'tauni tikayamba kutuluka mimba ndi pamene timakumbuka kuti miyendo ili ndi ntchito, n'kugula nsapato zodula zoyendera mtunda womwe agogowa amayenda ndi patapata asanamwe tiyi.

Tinacheza nthawi yaitali. Malemu amuna awo ankaphika pa sekondale ya boma ya Dedza, ija imangotchedwa Box 48, yomwe inatsegulidwa mu 1951, ndipo agogo amanyadira kuti mabwana ambiri a m'dziko muno anakula ndi nyemba za mkuluyo. Za ulimi ndiye anadandaula: feteleza kukwera mtengo, chiwawu kuwotcha masamba kukachita chinyezi, mankhwala opopera kudula, kenaka mavenda kubwera ndi malole n'kutchula okha mtengo. Kachewere wina amalowa kuchokera ku Angonia, tsidya la Mozambique, poti malire ali pafupi pomwepa, ndiye mlimi ukakana, venda amangopita kwa mnzako.

Kulipira chakudya kukanakhala kuwatukwana. M'malo mwake tinapempha kuti atigulitse ndowa ya kachewere, ndipo mtengo womwe anatchula sitinanenerere. Anawonjezera basera wodzaza manja awiri. Vuto linatsala kwa bambo, omwe anasenza thumbalo paphewa kutsetsereka mpaka m'tauni, akuima pa mtengo uliwonse. A kabaza aja atationa anafa nazo nseko: "Madala, tinakuuzani!" Bambo anakana mpaka mapeto, koma usiku wake ndinawathowa phewa ndi madzi otentha.

Ku Chongoni sitinafike. Kumeneko kuli zojambula zamakedzana pa miyala, malo 127, zina za Akafula, zina zokhudza chinamwali ndi Nyau za Achewa, ndipo UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Koma malowa ndi omwazikana m'mapiri, ndipo kuchokera m'tauni si ulendo wa mapazi: pamafunika galimoto kapena njinga yamoto, ndi munthu wodziwa njira. Chimodzimodzi ku Mua, komwe kuli Kungoni, malo oonetsera za chikhalidwe ndi zaluso, n'kutsika chigwa chonse kudzera ku Golomoti, tsiku lakelake.

Mukafuna kukwera phiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi, nyamukani kukangocha bwino, jekete losalowa madzi m'chikwama ngakhale kunja kuli dzuwa. Ndipo Lamulungu musachedwe m'tauni. Ikamakwana 4 koloko khalani muli pa M1, chifukwa kukayamba kuda makondakitala amakweza mtengo, ndipo thumba la kachewere nalo amalilipiritsa mpando.