Ndinkangofuna kusunga mayuniti

Ndamva kuti ku Chilenje kuno, mu Lusaka, dzina langa tsopano ndi "a Injiniya", ndipo mlamu wanga nkhaniyi wafika nayo mpaka kutchalitchi atathiramo mchere wake. Utsi unalipodi, sindikukana. Koma zoti ndinathawa n'kusiya ana m'nyumba ndi bodza lamkunkhuniza. Ndinatuluka kukaona ngati kwa aneba magetsi akuyaka, basi.

Mwana wa mchemwali wanga, amene amaphunzira za makompyuta, anandilangiza ndisanapite m'tauni kukagula kompyuta. Anati, "Amalume, mukafunse zinthu zitatu. RAM isachepere 8GB. Ikhale ndi SSD, osati hard disk yakale yozungulira ija. Purosesa ikakhala ya Intel iyambire 8th generation kupita m'tsogolo, apo ayi Windows 11 idzaikana." Ndinalemba zonse pachikhatho ndi bolopeni. Koma mukudziwa thukuta la mu minibasi. Pofika ku Cairo Road, pachikhatho panatsala 8 mmodzi yekha, wamasiye.

Mayi akunyumba nawo anali atanena zawo: "Abambo, gulani laputopu, ili ndi batire. Chichepereni madzi ku Kariba chilala cha 2024 chija, magetsi amabwera ngati mlendo wodutsa." Ine ndinati ndalama zanga sizingapite pa kanthu kopyapyala ngati mbale. Mwamuna amagula chinthu chooneka.

Ndinalowa m'kashopu kena ka salaula ya makompyuta. Ndinanyamula bokosi lililonse kuyesa kulemera kwake, monga timachitira ndi nkhuku ku Soweto Market. Lolemera kwambiri ndinaligogoda ngati vwende. Kenako ndinayang'ana pachikhatho n'kufunsa mnyamata wogulitsa, "8 alimo?" Anati, "Alimo, bwana." Ndinaligula, ndipo pobwerera kondakitala wa minibasi anandilipiritsa mipando iwiri, wanga ndi wa bokosi, sindinadandaule. Anthu ankandiyang'ana mwaulemu.

Kufika kunyumba, magetsi kulibe. Tinaikhazika patebulo, ana ataizungulira, apongozi anga ochokera ku Katete atakhala pampando wabwino. Ndikuunika ndi tochi ya foni, ndinaona kumbuyo kwa bokosi kaswichi kofiira kolembedwa 230. Ndinakakankha ndi nsonga ya kiyi, panatuluka 115.

Tsono apa mundimvetse, chifukwa mlamu wanga amadumphapo. Masamu ndinakhoza kusukulu. 115 ndi theka la 230. Munthu amene amagula mayuniti ndi ndalama za m'thumba mwake akaona theka, mtima umagunda. Ndinafotokozera apongozi kuti kompyutayi izidya magetsi theka chabe. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Akamwini athu ali ndi mutu." Mawu amenewo ndinawadikira zaka khumi ndi ziwiri.

Cha m'ma 2 koloko usiku filiji inayamba kung'ung'udza, kunja wina n'kukuwa, "Malaiti abwera!" Ndinadzutsa nyumba yonse, ndi apongozi omwe. Ndinavala malaya. Ndinalumikiza chingwe, ndinakonza pakhosi, n'kudina swichi yapakhoma.

Phwaa!

Kuwala kwabuluu, kenako mdima bii. Mwana wamkulu anayatsa tochi, ndipo tonse tinauona utsi uja. Sunali wambiri ayi. Unali kautsi kowonda, kaulemu, kotuluka kumbuyo kwa bokosi mosapupuluma, ngati kakudziwa kuti tikukayang'ana. Kanakwera, kanapinda pang'ono pafupi ndi kalendala, kanaima ngati kakuwerenga deti, n'kupitirira kudenga. Fungo lake linali la tayala lopsa losakaniza ndi nsima yopserera. Palibe anayankhula. Chala changa chinali chikadali pa swichi, chifukwa ndinkaona ngati ndikachichotsa ndiye kuti ndavomera mlandu. Filiji inali zii. Mwana wamng'ono ananong'ona, "Adadi, yayamba?" Apongozi anatsokomola kawiri n'kufunsa mofatsa, "Kodi imaphikanso?"

Apo m'pamene ndinatuluka. Kwa aneba konse kunali ngwee, ena akusita zovala, ena akutchaja mafoni. Nyumba yamdima mumsewu wonse inali yanga yokha, titadikira magetsi tsiku lathunthu. Main switch inali itagwa, koma zimenezo ndinazikumbukira kutacha.

M'mawa mwana wa mchemwali wanga uja anabwera ndi sikuludiraiva yake. Anayang'ana kaswichi kofiira, anandiyang'ana ine, n'kukhala pansi. Anati 115 ndi ya magetsi a ku America, kuno mawaya amabweretsa 230, ndiye power supply, kabokosi kolandira magetsi m'kati mwa kompyuta, ndinaimwetsa kawiri mlingo wake. Ndipo ngakhale ikanayaka, sindikanasunga yuniti ngakhale imodzi. Atatsegula bokosi anapeza RAM ya 2GB, hard disk yozungulira yomwe ija, purosesa ya 3rd generation, ndi fumbi loti mungadzalemo matimati. Windows 11 singalowemo, anatero, pomwe Windows 10 Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 October 2025. Ndinafunsa za 8 wanga uja. Anawerenga mabowo a USB kutsogolo ndi kumbuyo, anakwana 8 ndendende. Wogulitsa sananame.

Anandiwerengera mtengo wa power supply yatsopano, RAM yowonjezera, SSD, ndi UPS yoti magetsi akathima mwadzidzidzi ntchito isatayike. Ndisanamalize kuphatikiza, mayi akunyumba anadutsa ndi tsache, osanena kanthu. Bola akananena.

Koma tiyeni tinene chilungamo. Mnyamatayu anandiuza zinthu zitatu. Kaswichi kofiira kanali kachinayi. Ndipo ngati sikoyenera kukhudzidwa, anakapakiranji utoto wofiira, n'kukaika poti kiyi amafika? Nditabwerera kushopu, mnyamata wogulitsa ananunkhiza bokosi n'kundiloza pepala lapakhoma loti katundu wogulidwa sabwezedwa. Mipando iwiri kupita, mipando iwiri kubwerera.

Apongozi anabwerera ku Katete, ndipo akamaimba foni amafunsa ngati "chitofu chija" chinakonzedwa. Bokosilo lili pakona, mayi amaikapo fulasiki ya tiyi ndi makapu. N'lolimba ndithu, silitekeseka. Pamenepo sindinalakwitse.