Ka Raspberry Pi kanga kayamba kunditumizira imelo

Ndakwanitsa masabata atatu chiyambireni ntchitoyi, ndipo usiku wathawu imelo yoyamba yafika mufoni mwanga popanda ine kukhudza kiyibodi. Kwa amene mukuwerenga koyamba: ndili ndi ka Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono, komwe kamasunga makope a zithunzi zanga usiku uliwonse, ndiye ndimafuna kuti kakamaliza kazindiuza ngati zayenda bwino. Kapulogalamu kake ndinalemba mu Python, pogwiritsa ntchito smtplib, laibulale yotumizira imelo, yomwe imabwera kale ndi Python yemweyo.

Masiku awiri oyamba anathera pa port 25 (port ili ngati khomo lokhala ndi nambala, lomwe pulogalamu imalowera pa seva). Ndikayendetsa kapulogalamuko kamangoti zii, kenaka nthawi n'kutha. Zoona zake n'zakuti port 25 ndi yomwe maseva amadutsitsirapo makalata okhaokha, ndipo makampani ambiri opereka intaneti yapanyumba amaitseka pofuna kuchepetsa spam. Ife otumiza kuchokera pakompyuta yathu timalowera pa 587, kumene kulumikizana kumayamba poyera kenaka lamulo la STARTTLS n'kukubisa, kapena pa 465, kumene kubisako (TLS) kumakhalapo kuyambira pachiyambi. Ndinasankha 587.

Chomwe chinanditsegula maso ndi set_debuglevel. Nditaikapo 1, zokambirana zonse za kapulogalamu kanga ndi seva zinayamba kuoneka pasikirini, mzere ndi mzere. Seva imayamba ndi 220, ngati kunena kuti lowani. Kanga kamayankha EHLO, seva n'kutchula zomwe imatha, mzere uliwonse woyamba ndi 250. Pa AUTH m'pamene ndinaona 535, kutanthauza kuti yakana dzina ndi mawu achinsinsi. Ndinkaika mawu omwe ndimalowera nawo tsiku ndi tsiku, pomwe akaunti yanga, popeza ili ndi chitetezo chotsimikizira kawiri, imafuna mawu apadera opangira pulogalamu. Nditawapanga, 235 inatuluka, ndiye zina zonse zinatsatana: MAIL FROM, RCPT TO, DATA, seva n'kuyankha 354, uthenga n'kupita, kumapeto kadontho kamodzi pamzere pakepake. Kadontho kameneka kamandisangalatsa kwambiri. Kanali kale mu RFC 821, chikalata cha malamulo otumizira imelo chomwe Jon Postel analemba mu 1982, ndipo mpaka lero ndiko kamauza seva kuti kalata yathera pamenepa.

Nditaika zonse mu cron, pulogalamu yomwe imayendetsa ntchito yokha pa nthawi yomwe waiikira, usiku woyamba sikunabwere kanthu. Mawu achinsinsi aja ndinawasunga mu environment variable ya mu .bashrc, fayilo yomwe imawerengedwa ndikatsegula terminal, koma cron siwerenga fayilo imeneyi. Pano ali mufayilo yawoyawo, ndinaitseka ndi chmod 600 kuti wina aliyense asaiwerenge. Mkati mwa kapulogalamu momwe sindingawaike, chifukwa tsiku lina ndikhoza kukaika pa GitHub, pomwe anthu ena akhoza kukaona, n'kuiwala.

Phunziro lomwe landilowa kwambiri ndi lakuti 250 yomaliza ija sikutanthauza kuti kalata yafika kwa mwini wake. Ikungonena kuti seva yailandira. Imelo zanga zitatu zoyesera ndinazipeza mu spam, chifukwa pa From ndinaika adiresi ya domain yanga, pomwe mu DNS, kaundula wa ma domain pa intaneti, munalibe chosonyeza kuti seva yomwe ndikutumizira ili ndi chilolezo. Ndinawonjezera TXT record ya SPF, yomwe imatchula maseva ololedwa kutumiza imelo m'dzina la domain yanga, ndinadikira kuti ifalikire, ndipo ya usiku wathawu yagwera mu inbox, ili ndi mutu wakuti mafayilo onse asungidwa.

Sabata ino ndiika DKIM kuti uthenga uzikhala ndi siginecha, kenaka DMARC, yomwe imauza maseva olandira chochita ndi imelo yolephera pa SPF ndi DKIM. Ndikufunanso kuti kapulogalamuka kazisiyanitsa mayankho: yankho loyamba ndi 4, monga 421 kapena 451, ndi vuto lakanthawi, kazidikira mphindi zingapo n'kuyesanso. Loyamba ndi 5 ndi kukana kwenikweni, kazingolemba mu log kuti ndidzaone m'mawa.