Lachinayi: mawu awiri amene ndinalemba pa pepala

Lero m'mawa ndinali mmodzi mwa anthu atatu amene tinapatsidwa ntchito yofunsa mafunso achinyamata ofuna thandizo la maphunziro apamwamba, ndipo pofika masana tinali titamvetsera anthu asanu ndi atatu. Awiri mwa iwo ndi amene akundisowetsa tulo. Mnyamata wina analowa mosatekeseka, anakhala pampando asanauzidwe, ndipo poyankha ankatchula mabuku ndi oimba ngati mmene munthu amatchulira abale ake. Mtsikana amene analowa pambuyo pake anakhoza mayeso kuposa mnyamatayo, koma nthawi yonse anagwira mapepala ake ndi manja awiri, ndipo mayankho ake, ngakhale anali olondola, ankamveka ngati oloweza pamtima. Pa pepala langa ndinalemba kuti mnyamatayo ndi "wanzeru zachibadwa", pomwe mtsikanayo ndinati ndi "wakhama". Panthawiyo ndinkaona ngati ndawayamikira onse mofanana.

Madzulo ano mtima utakana kukhazikika, ndinabwerera ku zolemba za Pierre Bourdieu, katswiri wa ku France wofufuza za kakhalidwe ka anthu. Iye anabadwa mu 1930 m'mudzi wa Denguin, bambo ake ankagwira ntchito ya positi, ndipo pofika m'sukulu zapamwamba za ku Paris ankadziwa bwino manyazi a munthu wolankhula ngati wakumudzi pakati pa ana a mabwana. Kalelo, katswiri wa ku Germany Karl Marx anagawa anthu poona mwini fakitale ndi wogulitsa thukuta lake, ndipo Max Weber, katswiri winanso wa ku Germany, anawonjezera nkhani ya ulemu umene gulu limalandira. Bourdieu anati palinso chuma china, cha chikhalidwe, chimene makolo amasiyira ana popanda kulemba wilo. Chumachi chimakhala m'thupi, monga kalankhulidwe ndi kakhalidwe pampando, chimakhala m'zinthu, monga mabuku ndi zida zoimbira zopezeka m'nyumba, chimakhalanso m'masatifiketi.

M'buku lake la 1979, La Distinction, lochokera pa kafukufuku wa anthu 1,217 amene anafunsidwa m'zaka za m'ma 1960, anaonetsa kuti ngakhale nyimbo imene munthu amakonda imaulula gulu lake: aphunzitsi a m'mayunivesite ankatsamira kwa Bach, wopeka nyimbo wakale wa ku Germany, pomwe ogwira ntchito zamanja ankasankha kwambiri nyimbo yovinira ya Strauss, wopeka nyimbo wa ku Austria. Koma chimene chandilasa lero ndi zimene analemba ndi katswiri mnzake Jean-Claude Passeron mu 1964, zakuti sukulu imatamanda ngati mphatso yachibadwa zinthu zimene mwana anayamwira kunyumba, kenaka n'kupeputsa wophunzira amene zonse anazipeza m'kalasi momwemo, ati amanunkha sukulu. Mawu anga awiri aja ndi omwewo. Sindinayese nzeru za ana awiriwa. Ndinangomva fungo la nyumba zimene anakuliramo, ndipo ndinakopeka ndi yofanana ndi imene ndikukhalamo tsopano.

Ndinayesa kudziteteza ndi maganizo a Richard Peterson, katswiri wina wofufuza za kakhalidwe ka anthu, amene mu 1992 anapeza kuti ku America anthu apamwamba samangomvetsera nyimbo za apamwamba okhaokha, koma amalawa mitundu yambiri. Sizinandithandize, pakuti mnyamata uja anatchuladi oimba a mitundu yonse, ndipo ufulu wodumpha kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo popanda kuopa kusekedwa ndiwo unandigwira mtima. Mtsikanayo sakanayerekeza kutero, chifukwa kwa iye kulakwitsa dzina limodzi kukanakhala kudziulula.

Itakwana 9 koloko ndinaimbira foni amayi amene akutsogolera gulu lathu, n'kuwapempha kuti tisatumize mayina mawa tisanawerengenso zimene ana asanu ndi atatu aja analemba, titaphimba mayina awo. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Inunso mwalemba kuti wakhama?" Tagwirizana kukumana 8 koloko m'mawa.