Mbuna za ku Thumbi zimandidziwa

Ulendo wanga woyamba wa ku Lake Malawi National Park, ku Cape Maclear, unali mu Okutobala. Mlamu wanga anandinamiza kuti kunyanja kumazizira, ndiye ndinanyamula chijekete chaubweya. Kufika kumeneko, dzuwa loswa mtengo! Ndinavula nsapato kuti ndiyende pamchenga ngati anzanga. Nditangoponda katatu, ndinayamba kuvina gule wopanda ng'oma mpaka kukagwera m'madzi. Pocheuka, ndinaona nyani akukoka chijekete chija kulowera kuphiri. Sindinamuthamangitse. Ndi kutentha kumene kuja, ndinangomumvera chisoni.

Chaka chotsatira tinabwererako mu Julayi. Ndinati tsopano ndachenjera: kabudula, kamalaya kopyapyala ndi patapata, basi.

Woyendetsa boti atandiyang'ana anapukusa mutu. "Achimwene, mwera wayamba. Bwanji ku chilumba cha Thumbi tipite mawa m'mamawa?"

"Mukundiona ngati mlendo?" ndinayankha motumbwa. "Nyanjayi ndimaidziwa."

Tinanyamuka. Mwera ndi mphepo yochokera kummwera, koma tsiku limenelo inkangokhala ngati ikuchokera mbali zonse, ndipo yonse ikufuna ine. Boti likakwera funde, mimba yanga imatsala pansi. Mkulu uja, wosatekeseka n'komwe, anali kalikiliki kufotokoza kuti pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha tinsomba ta mbuna, timene mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse. Ine ndinkangovomera ndi mano, akugundana okha.

Titayandikira miyala ya pachilumbapo, ndinagwira m'mphepete mwa boti, n'kupereka kunyanja zonse zimene ndinadya m'mawa.

Abale inu, mbuna zinabwera! Zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, piringupiringu pansi pa chibwano changa. Alendo ena amene tinakwera nawo anayamba kujambula mokondwa, wina mpaka kuwomba m'manja. Ngakhale nkhwazi inalira pamtengo, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti inkaseka.

Mlamu wanga anandisisita pamsana, ine n'kumati munthuyu chisoni ali nacho ndithu. Kenako anandinong'oneza: "Alamu, tabwerezaniko pang'ono. Foni yanga inachedwa kuyaka."

Titafika kumtunda, ndili njenjenje, ndinaona gulu la anyani likuwothera dzuwa pamiyala. Ndinaima n'kuwayang'anitsitsa mmodzimmodzi. Panalibe ndi mmodzi yemwe wovala jekete.