Kuthokoza Onse Amene Anasunga Mlongo Wanga Ali Mumsewu

Ndikulemba mawu awa m'malo mwa banja lathu lonse, la kuno ku Mtendere ndi la kumudzi ku Katete, pofuna kuthokoza anthu amene anasamalira mlongo wanga pa zaka zimene ankagona m'makhonde a masitolo mumzinda wa Lusaka, komanso amene amuthandiza kuchira kufikira tsopano pamene wayamba ntchito ya ukalipentala ku Kalingalinga. Mwini wake wawerenga zonsezi ndipo walola kuti ndizitulutse, koma wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Mayina a amene ndikuwathokoza sinditchulanso, poti ambiri a iwo sangakondwe kuonekera, koma aliyense akawerenga kapena akawerengeredwa adzadzizindikira yekha.

Kuti kukula kwa zimene anthuwa anachita kumveke, ndiyenera kunena pang'ono mmene zinayambira. Mlongo wangayu anali kondakitala wa minibasi, ndipo tsiku lina anachita ngozi imene inapha dalaivala, mnzake wokulira naye limodzi, iye akuona. Mabala a m'thupi anapola msanga, koma tulo tinamuthawa. Akangotseka maso ankaona ngoziyo ikuchitikanso, akamva galimoto ikumanga mabuleki mwadzidzidzi ankanjenjemera n'kutuluka thukuta, ndipo kukweranso minibasi kunamukanika. Anapeza kuti kachasu yekha ndi amene ankamugonetsa. Boma litaletsa tujilijili mu 2012 ambiri tinayesa kuti mowa waukali wotsika mtengo watha, koma kachasu wa m'makomboni ndi mowa wa m'timabotolo sizinasowe, moti munthu wa makwacha ochepa amathabe kuledzera mpaka kukomoka. Ntchito inatha, lendi inamukanika, mkazi wake, mlamu wathu, anabwerera kwawo ndi mwana, ndipo iye anangozimiririka osatsanzika.

Oyamba kuwathokoza ndi amayi ophika nsima mu Soweto Market, amene sanali m'bale wathu ndipo sankatidziwa. Amayi, inu munkamutuma kukatunga madzi ndi kukwecha miphika, kenako n'kumuikira nsima ndi ndiwo m'mbale, n'kumukhazika pa benchi pomwe pamakhala ogula ena onse, ngakhale kuti zovala zake zinali zakuda ndipo ena ankanyinyirika. Ndalama simunamupatsepo m'manja, chifukwa munkadziwa kumene zikanapita. Mutamva kayankhulidwe kake munamufunsa kwawo, ndipo tsiku limene anali bwinoko anakuuzani kuti ndi wa kwa mfumu Kawaza. Inu simunangomva n'kusiya, koma munauza amalonda obweretsa mtedza ndi nyemba kuchokera kummawa, ndipo uthengawo unayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka unawapeza atsibweni athu kumudzi. Tinali titafufuza m'zipatala, kupolisi ngakhale kumalo osungirako mitembo, osadziwa kuti munthu wathu akudya tsiku ndi tsiku m'manja mwanu. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ife mawuwo tinawaona akugwira ntchito pa inu.

Ndikuthokozanso abambo olondera sitolo ina ku Kamwala, amene m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu cha Lusaka chimalowa m'mafupa, ankamulola kuyala makatoni kuseri kwa sitoloyo ndi kuwotha nawo mbaula, akudziwa bwino kuti eni ake akanamva ntchito ikanawathera.

Pali anyamata ena amene mwina mawu awa sadzawafika, ndiwo aja amagona pafupi ndi City Market, amene anthu amangowatchula kuti majanki. N'zoona kuti ena mwa iwo amalanda mafoni ndi zikwama, ndipo sindikuwayeretsa. Komabe tsiku limene mlongo wanga anagwa n'kuyamba kuphupha pakati pa msika, anthu ovala bwino anangomuzungulira n'kumaonerera, ndipo anyamatawa ndi amene anamuchotsa padzuwa, kumugoneka chammbali kuti asatsamwe, n'kuthamanga kukaitana amayi aja. Iye akuti ambiri a iwo anathawa kumenyedwa kunyumba kapena ndi ana amasiye, ndipo stika, mankhwala ozunguza bongo amene amanunkhiza m'kabotolo kobisa m'malaya amawaphera njala, chisanu ndi mantha a usiku. Amene amangoona kabotoloko saona chimene chinamufikitsa mwanayo pamenepo. N'chifukwa chake ndikuyamikira a Fountain of Hope ku Kamwala ndi ena onse amene akhala akulandira ana otere kwa zaka zambiri.

Kwa madokotala, anamwino ndi alangizi a chipatala cha odwala maganizo cha Chainama, mawu akundichepera. Chipatalachi chakhala chilipo m'mbali mwa Great East Road kuyambira mu 1962, koma dzina lake ambiri timaligwiritsa ntchito potukwana ndi poopsezana, mwakuti ngakhale achibale ena anakana kuti tipite naye kumeneko, nkumati tingomutsekera m'chipinda kuti mowa umuchoke. Anamwino anatifotokozera mofatsa kuti munthu amene wamwa kwambiri kwa nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi amatha kunjenjemera, kukomoka, kusokonezeka mutu ndi kuona zinthu zimene palibe m'masiku awiri kapena atatu oyambirira, ndipo popanda mankhwala akhoza kufa kumene. Anatiuzanso kuti mowawo unali wongophimba bala lina, lomwe ndi matenda odziwika a maganizo amene amagwira anthu opulumuka pa zoopsa monga ngozi, nkhanza kapena nkhondo, ndiponso kuti kuchotsa mowa osachiza balalo n'kungomubwezera munthu kumene anachokera. Mlangizi wina anakhala naye mobwerezabwereza osamufulumizitsa, mpaka tsiku limene anafotokoza ngozi ija kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chinthu chimene sanachitepo kwa aliyense wa ife. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo latsopano lokhudza odwala maganizo mu 2019, m'malo mwa lija la atsamunda la 1949 limene linkawatchula ndi mawu onyoza, ndipo ife tanthauzo la kusinthako tinaliona pamene dokotala ankayankhula ndi mlongo wanga mwini wake, kumufunsa maganizo ake pa mankhwala, osati kungoyankhula ndi ife ngati kuti iye palibe.

Atsibweni, munabwera pa basi kudzatsikira pa Intercity muli ndi chikhulupiriro chonse kuti mwana wa mlongo wanu analodzedwa, ndipo munali mutapeza kale sing'anga. Koma munakhala pansi kumvetsera achipatala, ndipo mutabwerera kumudzi munaletsa aliyense kumutchula kuti wamisala kapena chidakwa. Mawu anu anachita zimene ife ana sitikanatha. Bambo a kunyumba kwanga anasamutsa ana m'chipinda kuti mlamu wawo apeze pogona, ndipo anapirira masiku amene mankhwala ankamugonetsa mpaka masana ndi usiku umene ankadzuka akukuwa. Amayi a Chigwirizano a mumpingo mwathu ankabwera ndi ufa, makala ndi pemphero, osafunsa mafunso ochititsa manyazi.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti njirayi inali yowongoka. M'nyengo ya mvula yapitayi anabwereranso ku mowa ndipo anasowa panyumba. Pamenepa ndi pamene ndikuthokoza mwapadera abambo amene akumuphunzitsa ukalipentala, chifukwa m'malo momuchotsa anatseka malo awo a ntchito, kukamufunafuna, n'kumuperekeza okha kuchipatala, ndipo atachira anamubwezera pulena yake m'manja osamukumbutsa chilichonse. Achipatala anali atatichenjeza kale kuti kubwerera m'mbuyo kumachitika pa matenda amenewa ndipo sikutanthauza kuti zonse zalephereka. Lero akupitabe kukaonana ndi alangizi pa masiku amene anamupatsa, akumwa mankhwala ake, ndipo mlamu wathu, amene tikumuthokozanso, wayamba kulola mwana kudzacheza ndi bambo wake Loweruka. Kwa amene ali ndi m'bale wovutika chotere ndipo akusowa poyambira, nambala za foni zopezerapo uphungu za 933 ndi 116 n'zaulere, yachiwiriyo ndi yothandiza ana.

Pomaliza ndili ndi pempho kwa achibale ndi anansi a kumudzi. Mlongo wanga akufuna kubwera ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, ndipo aka kadzakhala koyamba kufika kwathu chichokereni. Chonde mudzamulandire monga mulandirira mwana wina aliyense wochokera kutauni. Za mumsewu musadzamufunse pokhapokha atayamba yekha, ndipo chipanda cha mowa chikamazungulira, musadzamupatsire ngakhale mwaulemu kapena mwanthabwala. Thobwa amamwa, ndipo amalikonda kwambiri.

Zikomo kwambiri nonse.