Chindudu cha ku Alabama

Ku Tuscaloosa, m'chigawo cha Alabama ku America, kuli tsiku limene madokotala, aphunzitsi ngakhale agogo oyendera ndodo amasuta fodya poyera popanda wowaloza chala. Ndi Loweruka lachitatu la mwezi wa Okutobala, pamene timu ya mpira ya University of Alabama imakumana ndi ya Tennessee. Mpira wake si wathu uja wamiyendo ayi. Ndi uja wosongoka uku ndi uku, wothamanga nawo uli kukhwapa, anyamata atavala zisoti n'kumagwetsana dala oyimbira akuonerera. Matimu awiriwa anayamba kuswana mu 1901, ndipo masiku ano amene apambana amayatsa cigar, chindudu chonenepa chokulungidwa ndi tsamba la fodya lenilenilo osati pepala.

Ine ndinafika kumeneko mu 2023 kukachita maphunziro, ndipo ndinkakhala nyumba imodzi ndi mnyamata wina wakonko. Sabata ya masewerowo anandikhazika pansi n'kundipatsa malamulo awiri. Loyamba, aliyense akati "Roll Tide", mawu ochemerera timu ya Alabama, nawenso uziyankha "Roll Tide", kaya ndi m'sitolo kaya ndi pakhomo la tchalitchi. Lachiwiri, mtundu wa olenji ndi wa Tennessee, usaoneke nawo. Ndinavomera zonse. M'mawa wa pa 21 Okutobala kunali kakamphepo, choncho ndinavala kamalaya kena m'kati, kamene amayi anandigulira pa kaunjika ndisananyamuke, n'kuphimba ndi malaya ofiira amene mnzangayo anandibwereka. Za m'kati amaziona ndani?

Bambo ake a mnzangayo anali atamanga kale tenti pa kapinga wa pakati pa sukulu, pamene amati Quad, akuwotcha nthiti za nkhumba. Madala aakulu thupi, ndevu zambuu, kumutu atavala chipewa cha timabokosi takuda ndi toyera ngati chimene ankavala Bear Bryant, kochi amene kumeneko amamutchula motsitsa mawu. Chipewacho anati anachigula asanakwatire, ndipo amachitulutsa pa masewero a Tennessee pokha.

Atandifunsa kuti kwathu timatchuka ndi chiyani, ndinayankha ndisanameze n'komwe nyama: fodya. Ndinawauza kuti dziko la Malawi ndi limodzi mwa maiko otumiza kunja fodya wa bale wochuluka zedi padziko lonse, ndipo ine ndinakulira m'chigafa ku Kasungu. Ndinafotokoza za kuthirira nazale mbandakucha, kuwokera mvula yoyamba ikagwa, kuthyola, kusoka, manja kuda bii ndi utomoni, kusankha masamba, mpaka kudinda mabelo pa jeke opita ku okushoni ku Kanengo. Zonsezi zinali zoona. Chimene sindinanene n'chakuti chibadwire ndinali ndisanaikepo ndudu pakamwa. Bambo anga ndi mkulu wa mpingo. Kwa iwo fodya ndi wogulitsa, wosuta ndi munthu amene ndalama zamuchulukira mpaka akuziwotcha.

Madala aja anasangalala kwambiri. Anaitana anzawo a m'matenti oyandikana kuti adzaone katswiri wa fodya wochokera ku Africa. Kenaka anatsegula kabokosi kathabwa, natulutsa chindudu cha ku Nicaragua, n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinachinunkhiza, n'kuchitembenuza, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono monga amachitira ogula fodya. Ndinati tsamba lake ndi labwino. Onse anavomereza.

Apa ndi pamene anandifotokozera chiyambi cha mwambowo, ndipo ankaufotokoza ataimirira. Kuyambira 1955 mpaka 1960 Alabama sinagonjetsepo Tennessee. Inaluza kasanu, kamodzi n'kulepherana. Amene zinkamuwawa kwambiri anali Jim Goostree, mkulu wosamalira osewera akavulala, chifukwa iyeyo anachokera ku Tennessee komweko, ndipo chaka ndi chaka anzake akale ankamuseka. Mu 1961, masewero asanayambe, akuti analonjeza anyamata kuti akapambana iye avina ali buno bwamuswe m'chipinda chosinthira zovala. Anyamata anamva. Pa bwalo la Legion Field ku Birmingham anaikwapula Tennessee 34 kwa 3. Goostree anasunga lonjezo, navina chindudu chili pakamwa, ndipo osewera atachiona anati nafenso tipatseni. Chaka chomwecho timuyo inatenga ukatswiri wa dziko lonse, kotero panalibenso woti n'kunena kuti utsi unawalodza. A Tennessee nawo anatengera, ndipo iwo akapambana amasutanso.

Nkhope ya madala inasintha atafika pa 2022. Alabama inali itapambana zaka 15 zotsatizana pansi pa kochi Nick Saban, koma chaka chimenecho ku Knoxville inagwa 52 kwa 49 ndi mpira womenyedwa nthawi ikutha. Ochemerera a Tennessee anakhamukira m'bwalo, nazula mapolo a golo, n'kukaponya mumtsinje wa Tennessee. Madala anati chindudu chimene anandipatsacho chinali cha chaka chimenecho. Anabwerera nacho kunyumba chosayatsa, ndipo chinagona m'kabokosi miyezi 12 kudikira kubwezera.

Lamulo lachitatu linabwera pamenepo: osayatsa masewero asanathe. Ndi tsoka.

M'bwalo la Bryant-Denny mumalowa anthu oposa 100,000, ndipo tsiku limenelo munadzaza. Koma pofika popumulira, Tennessee inali patsogolo 20 kwa 7. Kumbali kwathu kunali zii. Madala anavula chipewa n'kuchiika pamiyendo. Ine malamulo a mpirawo sindinkawatsata bwino, koma nkhope za anthu ndimatha kuwerenga, ndipo mtima unayamba kuthamanga. Ndikakhala ndi nkhawa ndimatafuna chilichonse chili pafupi, kaya cholembera kaya udzu. Tsiku limenelo chapafupi chinali chindudu. Kuyatsa analetsa, koma za kutafuna palibe ananena.

Chinali chowawa, kenaka choyabwa, kenaka chinayamba kukoma mwa mtundu wake. Malovu anachuluka. Kulavula pakati pa anthu ovala bwino sikukanatheka, ndiye ndinkameza.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, Jalen Milroe anaponya mpira wautali umene Isaiah Bond anauwakha n'kukachinya. Bwalo linadzuka. Ine ndinaluma. Alabama inachinyanso, ndinalumanso. Madala atacheuka n'kuona mmene ndachinyowetsera anafunsa ngati zili bwino. Ndinati kwathu timatero, tsamba limafuna kufewetsa kaye. Anauza mnzawo wa kumanzere, ndipo posakhalitsa ndinaona azibambo awiri akutafuna zawo.

Pamene Jihaad Campbell anatola mpira umene unapulumuka m'manja mwa woponya wa Tennessee n'kuthamanga nawo mpaka kukachinya, nkhani inali itatha: 34 kwa 20, mapointi 27 otsatizana Tennessee osayankha ngakhale limodzi. Malaitala anayamba kuthetheka mbali zonse. Sukuluyo inaletsa kusuta pamalo ake onse kuyambira 2015, ndipo bungwe la NCAA, loyang'anira masewero a m'makoleji, limaletsanso fodya kwa osewera, moti matimuwa amakadzinenera okha mlandu akatha kusuta. Koma madzulo amenewo utsi unakwera mpaka mipando ya pamwamba inasiya kuoneka.

Madala anatulutsa kachitsulo kodulira kumutu kwa chindudu. Atayang'ana changa anakabweza m'thumba, poti mano anali atagwira kale ntchitoyo. Anandiyatsira okha. Anthu ozungulira anatembenuka kuti aone katswiri akusuta.

Tsopano, chindudu chotere utsi wake sumeza. Umangousunga m'kamwa, kuulawa, n'kuutulutsa. Tsamba lake amalivundikira kwa nthawi yaitali ndipo ndi laukali. Izi aliyense m'bwalomo ankazidziwa kupatula mwana wa mlimi wa fodya. Ine ndinakumbukira mmene matenanti a kwathu ankakokera chingambwe, masaya kulowa m'kati, maso kutsinzina. Ndinakoka choncho, mpaka pansi pa mapapo. Chifuwa chinafuna kuphulika, koma anthu anali akuyang'ana, ndiye ndinakokanso kachiwiri kuti choyambacho chisaoneke ngati ngozi.

Kwa kanthawi ndinamva bwino kwambiri. Thupi linapepuka, makutu analira, ndipo ndinayamba kukonda munthu aliyense m'bwalomo. Gulu la zitoliro linali likuimba. M'mutu munabwera Goostree. Ndinaganiza kuti anthuwa asunga theka lokha la mwambo, utsi, n'kutaya gule. Ndinakwera pa benchi, n'kuyamba kudula chiuno cha kwathu, chindudu chili pakamwa. Anthu anakuwa, mafoni anakwera m'mwamba. Wina anafuula dzina la Goostree. Pamenepo ndinagwira malaya ofiira aja, n'kuwavula, n'kuwazunguza pamutu.

Phokoso la pafupi nane linazima ngati magetsi a kwathu nsima ili pamoto.

Ndinayang'ana pachifuwa. Kamalaya ka amayi kaja kanali ka olenji. Osati olenji wofwifwa woti n'kukanira kuti ndi wachikasu, koma olenji wowala, weniweni wa Tennessee. Mayi wina wachikulire kumbuyo kwanga anagwira pakamwa. Mwana wina anafunsa bambo ake ngati ndine kazitape. Mnzanga uja ankandikoka mwendo kuti nditsike, uku akuuza anthu kuti ndine mlendo, sindidziwa kanthu, zimene zinali zosiyana kwambiri ndi zomwe bambo ake anakhala akulengeza tsiku lonse.

Ndinafuna kupepesa. Ndinatsegula pakamwa, ndipo pamenepo m'mimba munaganiza zolankhula m'malo mwanga. Bwalo linapendekeka, thukuta lozizira linatsika, nthiti za nkhumba zija zinanyamuka ulendo wobwerera. Ndinagwira chinthu choyamba chokhala ndi kamwa chimene dzanja linapeza. Madala anali atavula chipewa chija kuti aimbe nyimbo ya sukulu.

Sananene kanthu. Anangochiyang'ana, n'kundiyang'ana, n'kukoka utsi wawo pang'ono, kuusunga m'kamwa, n'kuutulutsa. Kenaka anati, motsitsa, "Roll Tide." Ndinayesetsa kuyankha monga mwa lamulo, koma chipewa chinafunikanso.

Kutuluka m'bwalomo anachita kundigwirizira anthu awiri, atandifunditsa jekete kuti olenji asaoneke. Azibambo awiri otafuna aja ndinawadutsa pa masitepe atakhala pansi, mitu ili pakati pa mawondo.

Kanema wa gule wanga uja mnzanga anamutumiza kwa ine, ine ndili m'tulo ta mankhwala a mutu ndinamutumiza kwa mlongo wanga, ndipo mlongo wanga alibe chinsinsi. Lamulungu masana foni inalira. Anali bambo, atangotuluka m'tchalitchi cha madzulo, poti kwathu kunali kutada kale. Ndinakhala tsonga kudikira ulaliki.

"Iwe," anatero, "chimene unali nacho pakamwa chija ndi fodya?"

"Eya, bambo."

"Yekhayekha? Mopanda pepala?"

"Yekhayekha, bambo."

"Amagulitsa bwanji chimodzi?"

Ndinafunsa mnzanga, n'kuwauza kuti madola 12. Kunakhala chete, ndipo ndinamva akuitanitsa cholembera kwa amayi. Chaka chimenecho iwo anali atagulitsa bale wawo pa madola awiri ndi kanthu pa kilogalamu. Ndinawamva akuwerengera chapansipansi.

"Ndiye kuti wasanza makilogalamu asanu," anatero. "Chotsalacho usataye. Uchikulunge bwino mupepala, ubwere nacho ndidzaone mmene amapindira."